Njira ya Phulusa Yopita ku Manda

Pondifunsira ukwati, ankhoswe a mwamuna wanga anauza makolo anga kuti bambo ake a mnyamatayo amagwira ntchito pa mgodi wina wa ku Bindura. Sananame. Chimene anachisiya n'chakuti ntchitoyo inali yotentha zinyalala. Ine ndinakazionera ndekha tsiku limene ndinatsika lole pa komboni, nditachoka ku famu ya fodya ya ku Matepatepa kumene ndinabadwira. Panali patangopita zaka zochepa dziko litalandira ufulu, ndipo ine ndinkadziona kuti ndakwera: mwana wa mu fodya kukwatiwa ku mgodi, kumene kunali magetsi ndi madzi a pa mpopi. Ndili chiimire ndi sutikesi yanga, ndinaona mkulu wina akubwera ndi wilibala, wotuwa kuyambira ku chipewa mpaka ku jombo, nsidze zili mbuu.

"Abambo ndi awo," anatero mwamuna wanga.

Ndinagwada monga ayenera kuchitira mtengwa, koma mumtima ndinali nditapsa. M'mawa mwake ku mpopi amayi a Chishona anandilonjera bwinobwino, kenaka wina anafunsa mnzake, "Ndiye muroora wamudhara wemadota?" Ankafunsa ngati ndinali ine mtengwa wa mdala wa phulusa. Komboni yonse inkawatchula choncho apongozi anga.

Anachoka kwawo ku Malawi ali mnyamata, wapansi, ndipo anagwira ntchito pansi pa nthaka mpaka fumbi la miyala linawalowa m'chifuwa. Atayamba kutsokomola, anawakweza kumtunda n'kuwapatsa ng'anjo. Inali ng'anjo ya njerwa yokhala ndi chumuni chachitali, kuseri kwa komboni, pafupi ndi nyumba imene ankasonkhamo malasha otenthetsera madzi osamba a anthu otuluka mu mgodi. M'mawa thirakitala inkabwera ndi zinyalala za komboni yonse: zisanza, mapepala, zitsononkho, nsapato zakutha. Iwo ankatentha, masana n'kupala phulusa. Amene anagwirapo ntchitoyi iwo asanabwere ankalitaya m'dzenje. Apongozi ankaliunjika milumilu pamodzi ndi zotsala za malasha, ndipo akaweruka ankatapa pa wilibala n'kulowera ku dambo.

Ovolosi yawo ndinkachapa ndine. Madzi ake ankaterera ngati mwagwera sopo, ndipo manja anga anang'ambika mpaka kutuluka magazi. Tsiku lina zinandikwana, ndinafunsa mlamu wanga, mlongo wake wa mwamuna wanga, kuti munthu wamkulu amaweruka pa phulusa n'kupitanso kukasewera ndi phulusa chifukwa chiyani. Mlamuyo anandikhazika pansi n'kundifotokozera.

Manda a anthu a pa komboni anali tsidya lina la dambo. M'chilimwe munkadutsa osadziwa n'komwe kuti ndi dambo, koma mvula ikagwa dothi lake la makande linkameza mwendo mpaka m'bondo. Apongozi anga aakazi anamwalira m'dzinja, chaka chimodzi ine ndisanabwere. Ponyamula maliro, atatsala pang'ono kutuluka m'dambomo, adzukulu awiri akutsogolo anaterereka. Bokosi linagwa cham'mbali, nsalu yoyera ya mpingo yokutira bokosilo n'kulowa m'matope. Anthu anangoti kakasi. Apongozi aamuna anavula jekete lawo la ku tchalitchi, anagwada n'kupukuta bokosilo mbali zonse. Sabata itatha anapita kwa woyang'anira komboni kukapempha kuti chigalimoto chopala misewu chidzadutseko. Anawayankha kuti msewu umaikidwa kumene anthu angachedwe ku ntchito, ndipo akufa sachedwa. Madzulo a tsiku lomwelo anakhuthula wilibala yoyamba m'mphepete mwa dambo.

Kung'ung'udza sindinasiye, chifukwa manja ankawawabe, koma kuyambira tsiku limenelo ndinkang'ung'udzira mumtima.

Si onse ankaikonda ntchitoyi. Akuluakulu ena a kwathu ku Malawi ankati kukonza njira ya ku manda n'kuitana maliro, monga mmene umasesera pabwalo poyembekezera alendo. Wina anabwera kunyumba kudzawatsina khutu, ine ndikumva ndili kukhitchini. Apongozi anamumvetsera mpaka anamaliza, kenaka anati, "Achimwene, chifikire kuno taika anthu angati? Alipo amene anadikira msewu?" Mlendoyo anamwa madzi n'kutsanzika.

Loweruka masana ndinkawapititsira tiyi m'botolo ndi mbatata, ndipo ndinkakhala patali pang'ono kudikira botolo langa. Apo ndi pamene ndinaona kuti sikunali kungokhuthula ayi. Poyamba ankakumba ngalande mbali zonse ziwiri, n'kuyala miyala ikuluikulu yotayidwa ku mgodi kuti ikhale pansi. Phulusa ankalisefa pa waya wa bedi lakale. Zotsala pamwamba, magalasi, zitini, zotsekera za mabotolo, ankaziika m'thumba kukakwirira kutali. Anali ndi maginito amene anachotsa m'wailesi yakufa. Ankawamanga chingwe n'kumawakoka m'phulusa losefedwalo uku ndi uku, ndipo ankatuluka atamera misomali ndi mapini ngati nungu. Ankabwereza mpaka atatuluka opanda kanthu, chifukwa ankati ku manda anthu ambiri amapita opanda nsapato. Zinyalala za ku chipatala ankazitentha pazokha n'kukwirira. Phulusa lake silinkayandikira njira.

Kenaka ankasakaniza mawilibala atatu a phulusa ndi imodzi ya dothi la pa chulu, kuwaza madzi ndi chitini chobowola, kuyala, n'kutsendera ndi chipika cholemera chimene anachikhomera zigwiriro. Pakati ankakweza pang'ono kuti madzi azitsikira m'ngalande. Akamaliza ankaponda ndi chidendene. Pakapanda kutsala chidindo ankati, "Mushe," mawu a Chilapalapa cha mu mgodi otanthauza kuti zili bwino, ndipo ankamwa tiyi wawo atazizira kale. Sindinaonepo munthu wina wogwira ntchito mofatsa chotero pamalo pamene palibe womuyang'anira kapena womuyamikira.

Chimodzi ndinkachiona koma osachimvetsa. Kuseri kwa ng'anjo kunkakhala milu isanu kapena kuposa, ndipo iwo ankatapa pa wakale kwambiri, wakuda, womera chisoso ndi bonongwe pamwamba, kusiya watsopano uli mbee pafupi ndi khomo. Ndinkaganiza kuti ndi khalidwe la akuluakulu losafuna kutaya chinthu, monga amayi anga ankatikakamiza kumaliza ufa wakale tisanamasule thumba lina. Kufunsa sindinafunse. Mtengwa safunsa apongozi aamuna mafunso ngati wapolisi. Amapereka moni, amatula chakudya, n'kubwerera. Chaka cha chilala chachikulu, chimene tinadya ufa wachikasu, anayala pang'ono kwambiri, ndipo ine ndinati n'chifuwa chija.

Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ine ndinabereka ana atatu, njira nayo inkakula chilimwe ndi chilimwe. Aja ankanena kuti ikuitana maliro ndi amene anayamba kuyendapo popita ku madimba awo, ena pa njinga podulira ku msewu wa ku Shamva kukakwera basi. Palibe anabwera kudzapepesa, koma matumba a ndiwo anayamba kufika pakhomo osadziwika mwini. Ine nanenso ndinali nditasintha. Mlendo akafunsa ku mpopi kuti ndine wa nyumba iti, ndinkayankha mokweza kuti onse amve: wa kwa mdala wa phulusa.

Patatsala mapazi makumi anayi kuti njira ikafike pa mkuyu umene unali pa khomo la manda, chifuwa chinawagwetsa. Unali mwezi wa Seputembala. Ku ntchito anawapumitsa, ng'anjo anapatsa munthu wina, ndipo iwo anagona m'chipinda chakutsogolo mmene ankatha kuona mitambo pa zenera. Mapazi otsalawo ndi amene anali oipitsitsa, pomwe paja panagwera bokosi. Tsiku lina ndikubwera ndi phala ndinawamva akuuza mwamuna wanga, "Iwe, kufa sindikuopa. Ndagwira nako ntchito pansi pa nthaka zaka zambiri. Chimene sindifuna n'choti mudzandigwetse m'matope muja ngati amayi ako."

Mwamuna wanga analonjeza kuti auza amuna a beriya, gulu lathu lothandizana pa maliro. Amunawo anavomera, koma uyu ali pa shifiti ya m'mawa, uyu ya masana, uyu wapita ku Musana kukafuna mbuzi; Okutobala anafika pakati palibe wogwira fosholo. Ine mtima wanga sudziwa kudikira. Pa msonkhano wa amayi a Lachinayi ku tchalitchi, titamaliza kupemphera, ndinaimirira n'kunena kuti ngati amuna ali ndi mashifiti, ife tili ndi mabeseni. Ndinati ntchitoyi ndaionerera zaka zambiri, ndikuidziwa ngati kuphika ndiwo. Tinagwirizana kuti mdala tisawauze mpaka titamaliza.

Tinapita amayi makumi awiri. Kuseri kwa ng'anjo tinapeza milu ina ija itatha, mulu wakale utatsala waung'ono, wakuda, chisoso chitafika m'chiuno, ndi mulu waukulu watsopano, woyera, mwina mwake mukali mofunda. Mayi wina wachikulire anatapa lakalelo m'dzanja, analinunkhiza n'kulitaya.

"Ili ndi lakufa ili," anatero. "Lavumbwa. Ungatsukire poto limeneli? Ungatcheze chidulo? Ngakhale anankafumbwe angaliseke."

Tonse tinaseka, chifukwa mkazi aliyense amadziwa zimenezo kuyambira ali mtsikana. Phulusa labwino ndi la lero. Ndi limene limayeretsa mapoto, limasunga nyemba kuti zisafumbwe, ndipo madzi ake ndi amene amafewetsa thelere. Lovumbwa ndi mvula limatayidwa kudzala. Nanga tikanawamalizira bwanji abambo athu njira yawo ndi phulusa lotha mphamvu? Amene anati titape latsopano ndinali ine, ndipo ndinanena monyada.

Zina zonse tinachita monga ndinkawaonera. Tinayala miyala, tinasefa, tinakoka maginito, tinasakaniza ndi dothi la pa chulu. Chipika chija chinatilemera, ndiye tinabwera ndi minsi n'kumasinja njira ngati chimanga, tikuimba nyimbo za m'buku. Tinagwira masiku atatu, ndipo inatuluka yosalala ngati pansi pozira kumene. Ndinathamanga kukagwada pa khomo la chipinda chawo n'kuwauza. Nkhope yawo inawala, kenaka anafunsa, "Munatapa mulu uti, mayi?"

"Watsopano, bambo. Lakale lija linali lotha mphamvu."

Anatseka maso. "Mukalifukule lonse mvula isanagwe."

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Ndinawayankha. Ndinati amayi makumi awiri athyoka misana masiku atatu, ndipo ngati pali chinthu chimene mkazi amachidziwa kuposa mwamuna, ndi phulusa. Mlamu wanga, amene anali pakhonde, anagwira pakamwa. Apongozi sanakweze mawu. Anangoti, "Chabwino, mayi. Mvula idzatiweruza."

Mvula yoyamba inagwa mu Novembala, masiku awiri otsatizana. Pa tsiku lachitatu ndinapita kukaona. Njira yawo yonse inali gwa, madzi akutsetserekera m'ngalande. Kenaka ndinafika pa yathu. Inali itafufuma ngati mtanda wa buledi, ming'alu paliponse, ndipo ndodo inkalowa ngati m'phala. Udzu wa m'ngalande unali utapsa. Mayi wina amene anadutsapo wopanda nsapato popita ku dimba anasupuka khungu pakati pa zala za kumapazi. Pofika madzulo komboni yonse inali itamva, ndipo aja a zoitana maliro anadzukanso, akuti manda akana njira.

Ndinalowa kwa apongozi n'kugwada. Ndinkayembekezera kuti andikumbutsa za safunsa amene anadya phula, ndipo ndikanaulandira mwambiwo ndi manja awiri. Iwo anayamba ndi funso.

"Mayi, mukamatcheza chidulo, madzi oyamba kudontha amakhala otani?"

"Amaluma, bambo. Ukawalawa lilime limayabwa."

"Mukathiranso kachiwiri, kachitatu, kachisanu?"

"Amangokhala madzi."

"Ndiye phulusalo mumatani nalo?"

"Timataya."

"Limene mumataya inu ndi limene ndimafuna ine," anatero. "Kukhitchini mumafuna ukali wake. Pa njira ukaliwo ndi mdani. Likamwa madzi limatupa, limatentha udzu, limatentha anthu. Liyenera kugona panja, mvula ilitcheze mpaka ukali wonse utatha. Chisoso chikamera pamwamba, ndiye kuti lapola." Anapuma kaye, akutsokomola. "Musalire. Chaka choyamba inenso ndinayala latsopano, ndinafukula ndekha mapazi khumi ndi asanu. Kulakwa kwanga n'koti sindinakuuzeni. Inu munkaopa kufunsa, ine ndinkachita manyazi kuphunzitsa mtengwa wanga za zinyalala."

Ndinakumbukira manja anga ong'ambika ndi madzi a ovolosi, ndi chaka cha chilala chimene milu sinamere kanthu. Zonse zinali pamaso panga zaka zonsezo.

Anandiuza chochita. Tifukule lonse, tiliunjike pamtunda kutali ndi madimba, tilitembenuze ndi fosholo kawiri m'mwezi woyamba kuti mvula ilowe mkati, kenaka tilisiye. Kamulu kakale kaja tikayale pamene kangafike. Ndinafunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji, ndipo anati mvula ikakhala yabwino, miyezi itatu. Tonse awiri tinkamva mmene chifuwa chawo chinkalirira.

Pa amayi makumi awiri aja anabwerera asanu ndi awiri okha, ndipo sindikuwada enawo. Ndani akonda kufukula chimene anachisinja akuimba? Amuna a beriya, manyazi atawagwira, anabwera Lamulungu titatuluka m'tchalitchi. Tinamanga mapepala apulasitiki kumapazi n'kufukula mpaka tinafika pa miyala. Kamulu kakale kanakwanira mapazi khumi. Anatsala makumi atatu, miyala yokhayokha imene inkamira mvula ikagwa.

M'mawa uliwonse ndinkadzera pa mulu uja popita kumunda, ndipo pobwera, ndisanatule khasu, mawu ankachokera m'chipinda.

"Chamera?"

"Sichinamere, bambo."

"Chabwino. Mawa."

Akatero ankamwa masipuni angapo a phala. Khirisimasi inadutsa, Januwale anatha. Anaonda mpaka mwamuna wanga ankawanyamula ndi dzanja limodzi powasambitsa. Ku chipatala anali atatiuza kale kuti tingowasamalira kunyumba. Ndinayamba kuona kuti chimene chinkawadzutsa m'mawa n'kuwamwetsa phala linali funso lija.

Mkati mwa Febuluwale ndinachipeza: timbewu tobiriwira ta masamba awiriawiri, mbali ya kotulukira dzuwa. Sindinakondwe. Ndinachita mantha, chifukwa ndinaganiza kuti ndikawauza, njira n'kutha, sadzakhalanso ndi chodzukira. Munthu amene ndinachita naye manyazi tsiku loyamba lija ndinali nditamukonda ngati bambo wondibereka, ndipo sindinkafuna kuti apite. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kuzula timbewuto tonse.

"Chamera?"

"Sichinamere, bambo."

Ndinanama masiku asanu ndi atatu. Koma chisoso sichitha n'kuzula; ndikazula khumi, m'mawa mwake ndinkapeza makumi asanu. Tsiku lotsatira nditayankha monga mwa masiku onse, sananene kuti mawa.

"Lowani, mayi. Khalani apa."

Ndinakhala pansi pafupi ndi bedi, pamene ndinali ndisanakhalepo chikwatiwire.

"Ine ndagona pansi pa malata awa dzinja lonse, mvula iliyonse ndaimva. Phulusa ndikulidziwa. Lapola kale." Anayang'ana zala zanga, zimene zinali zobiriwira m'zikhadabo. "Ndikudziwa chimene mukuchitira zimenezi, ndipo ndathokoza. Koma imfa sikudikira chisoso. Amene akudikira ndine. Mukachedwetsa njira sindikhalitsa ayi, ndingokadutsa m'matope."

Ndinalira pamaso pawo, za mwambo nditaziiwala. Nditamaliza ndinapukuta m'maso ndi chitenje, n'kupita kukatulutsa sefa ndi maginito.

Mulungu anatipatsa masiku anayi a dzuwa pakati pa mvula. Ulendo uno sindinachonderere munthu. Mlamu wanga anangouza amayi awiri ku mpopi, ndipo pofika masana amuna otuluka mu mgodi ankabwera molunjika ndi mafosholo, zipewa zawo zachitsulo zikali kumutu. Amayi anabwera ndi minsi. Mayi wachikulire uja amene anati phulusalo ndi lakufa anasenza mabeseni ochuluka kuposa tonse, osayang'ana munthu kumaso. Ine ndinaima pa sefa, ndipo panalibe beseni limene linadutsa maginito asanatuluke opanda kanthu. Mwamuna wina anati zokwana, misomali iwiri sipha munthu. Ndinamuuza kuti avule jombo ayendepo yekha. Kuyambira pamenepo ankanditcha kapitawo, ndipo dzinalo sindinalikane.

Tsiku lachisanu apongozi anati akufuna akaone. Mwamuna wanga anayala bulangeti ndi pilo m'wilibala yawo yomwe ija, anawaveka jekete la ku tchalitchi ndi nsapato zawo zakuda, n'kuwakankha pang'onopang'ono kudutsa komboni. Anthu ankatuluka m'nyumba n'kumatsatira, ndipo palibe anaseka. Pofika pamene panayambira ntchito yathu, anati awatsitse. Anabaya ndi ndodo apa ndi apo. Pamalo pena anaima, anabayanso, n'kundiyang'ana. Ndinaitana minsi itatu, tinasinja mpaka anagwedeza mutu. Kenaka anaponda ndi chidendene, ngakhale kuti munthu wopepuka chotero sakanasiya chidindo ngakhale pa dothi lonyowa.

"Mushe," anatero.

Mapazi makumi atatuwo anayenda ndi miyendo yawo, atatsamira phewa la mwana wawo, akupuma katatu. Pa mkuyu anaima, pakuti ku manda salowako popanda maliro. Anavula chipewa, anayang'ana mbali imene kunagona akazi awo, n'kulankhula ngati munthu amene wangoweruka ku ntchito: "Amake ana, njira ija yatha. Ndachedwa nayo, pepani."

Anatisiya patatha milungu iwiri, m'mawa, mkati mwa mvumbi umene unagwa masiku atatu osakata. Tsiku loika, dambo linali litadzaza mbali zonse, madzi akuthamanga m'ngalande zawo. Anthu anabwera ochuluka, a Chishona ndi a kwathu, ena ochokera ku Shamva ndi ku mafamu, ndipo tonse tinayenda pa phulusa. Ine ndinali pakati pa amayi kumbuyo kwa bokosi. Nyimbo sindinaimbe, bokosi sindinaliyang'ane. Maso anga anali pa mapazi a adzukulu asanu ndi mmodzi, opanda nsapato. Tinadutsa njira ya mdala, tinafika pa yathu, ndipo ndinayamba kuwerenga chamumtima. Khumi. Makumi awiri. Pamalo paja anabaya kawiri, mdzukulu wa kumanzere anaponda ndi thupi lonse posintha phewa, ndipo pansi panagwira.

Pa dzenje, atachotsa nsalu yoyera yokutira bokosi, mlamu wanga anaipinda n'kundipatsa ine kuti ndiigwire. Inali yonyowa ndi mvula. Ndinaipindula, ndinaitembenuza mbali zonse ndikufunafuna, ndipo thope ndinalisowa.